Tiyambire pati pophunzitsa ziwerengero kwa a Masters ya ndale?

Nachisale:
Moni nonse. Ndabwera ndi pempho kwa inu amene munaphunzitsapo kapena kuphunzirapo za ziwerengero. Semesita ikubwerayi ndili ndi kalasi ya Masters ya maphunziro a ndale kuno ku Zomba, phunziro la njira za kafukufuku wa manambala. Ambiri mwa ophunzirawa ndi anthu apantchito kale: ena ali m'makhonsolo, ena m'mabungwe omwe si aboma, wina ndi mtolankhani. Masamu anasiyana nawo pa Fomu 4, ndipo ena andiuza maso ndi maso kuti phunziro limeneli ndi lomwe likuwasowetsa tulo.

Ndondomeko yozolowereka imayamba ndi mean, median ndi mode, kenako probability (masamu a mwayi), kenako t-test ndi chi-square, regression (njira yoyezera mmene chinthu chimayendera limodzi ndi zinthu zina) n'kubwera masabata awiri omaliza anthu atatopa kale. Ine ndikufuna kuyambira kwina. Tsiku loyamba ndiwapatse zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 1994, 2009 ndi 2019, boma ndi boma, ndi kuwafunsa funso limodzi lokha: kodi Amalawi amavota potengera chigawo chomwe amachokera? Aliyense m'kalasimo yankho ali nalo kale, amakangana nalo m'minibasi ndi pa maliro pomwe. Ndikufuna fomula iliyonse izibwera pamene mkanganowo wafika poti pakamwa pokha sipangauthetse. Amene munadutsamo, ndithandizeni maganizo.

Nangondo:
Aphunzitsi, ine ndiyankha ngati wophunzira. Pa digiri yoyamba, pa sukulu ina yomwe sinditchula, statistics ndinakhoza bwino ndithu. Fomula ya standard deviation ndinailoweza, chi-square ndinkawerengera pamanja. Koma nditapatsidwa pepala la akatswiri lokhala ndi tebulo la regression, ndinangoliyang'ana. Manambala ena ali m'mabulaketi, ena ali ndi tinyenyezi, pansi pali N ndi R-squared, osadziwa poyambira. Zitsanzo zonse zomwe tinapatsidwa zinali za mipira yofiira ndi yabuluu m'thumba. Palibe tsiku lomwe wina anatiuza kuti zimenezi zikukhudzana bwanji ndi voti kapena bajeti ya khonsolo. Chonde chitani zomwe mwaganizazo.

Bambo Mbewe:
Mayi Nachisale, ndakumvani, ndipo cholinga chanu ndi chabwino. Koma ndiloleni ndikutsutseni pang'ono, monga munthu amene wakalambira pa ntchito ya ziwerengero. Mipira ya m'thumba yomwe mwana wanga Nangondo akudandaula nayoyo ndiyo maziko. Munthu amene sanamvetse probability akapatsidwa kompyuta amangodina mabatani, manambala n'kutuluka, iye n'kulemba mutu wonse wa thesis pa zinthu zomwe sakuzidziwa. Ndawerengapo malipoti ambiri otere.

Chitsanzo ndi ichi. Pa chisankho cha pa 21 May 2019, bungwe la MEC linalengeza kuti Peter Mutharika wapeza mavoti 1,940,709, Lazarus Chakwera 1,781,740, Saulos Chilima 1,018,369. M'maperesenti ndi 38.57, 35.41 ndi 20.24. Kusiyana kwa awiri oyambawo kunali mavoti 158,969, mapointi atatu ndi pang'ono. Tonse tikudziwa kuti khoti linafufuta chisankhocho pa 3 February 2020, koma tiyeni tingotenga manambalawo ngati chitsanzo. Tsopano funsani wophunzira wanu kuti: kafukufuku wofunsa anthu 1,200 osankhidwa bwino akanatha kunena motsimikiza amene ali patsogolo pa mpikisano wothinana chonchi? Ambiri anena kuti inde, poti margin of error, kapena kuti mpata wolakwika, ndi 3 peresenti ndipo kusiyana kwaposa 3. Yankho lake ndi ayi. Atatu aja ndi a nambala ya wopikisana mmodzi. Ukamayerekeza anthu awiri pa kafukufuku yemweyo, mpata wolakwika pa kusiyana kwawo umafika pafupifupi mapointi asanu. Kodi zimenezi munthu angazimvetse osadziwa chomwe sampling distribution ili, kutanthauza mmene mayankho angamwazikire mutabwereza kafukufuku yemweyo maulendo ambiri? Ndiye ndikuti maziko ayambe, ndale zibwere pambuyo.

Nachisale:
Bambo Mbewe, zikomo kwambiri, ndipo chitsanzo chanuchi ndachitenga, chilowa m'sabata yachitatu monga momwe mwachilembera. Koma taonani chomwe mwachita. Simunayambe ndi fomula. Mwayamba ndi chisankho chomwe aliyense akuchikumbukira, mwafunsa funso, mwatisiya tilakwitse, kenako mwatchula sampling distribution ife tikuifuna kale. Ndi zomwezo ndikunena. Sindikuchotsa probability ayi. Ndikungofuna ibwere munthu ali ndi ludzu.

Bambo Mbewe:
Ludzu ndi labwino mayi, bola madziwo amwe onse. Chomwe ndimaopa ndi chakuti masabata amathera pa kukambirana ndale, poti n'zokoma, masamu n'kumangokhudzidwa pamwamba.

Che Saidi:
Ndalowa mochedwa, ndinali ku Jali. Ine si mphunzitsi, koma ndagwira ntchito yofunsa anthu mafunso m'midzi kwa zaka zambiri, kenako yoyang'anira timu. Ndikufuna kuwonjezera mbali yomwe m'kalasi simaioneka.

Anthu akamva kuti afunsidwa ndi 1,200 okha m'dziko la anthu oposa 17.5 miliyoni, monga kalembera wa 2018 anapezera, amati ndi bodza. Ine ndimawayankha ndi venda wa chimanga pa Songani. Sakhuthula thumba lonse kuti adziwe ngati chili ndi anankafumbwe. Amabaya pamwamba, pakati ndi pansi, n'kuona zomwe zatuluka. Koma akabaya pamwamba pokha, pomwe wogulitsa waika chabwino, wapusitsidwa ngakhale atabaya kakhumi. Nkhani yagona pa malo obaya, osati kuchuluka kokha.

Pa kafukufuku ngati wa Afrobarometer, wofunsa maganizo a anthu m'maiko a mu Africa, amayamba ndi mapu a timadera ta kalembera ochokera ku National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba. Timaderato timasankhidwa mwa mayere, ndipo kadera ka anthu ambiri kamakhala ndi mwayi waukulu wosankhidwa. M'kadera kalikonse mumafunsidwa anthu 8, ndiye anthu 1,200 ndi timadera 150. Mukafika, poyambira pamasankhidwanso mwa mayere, mumayenda mowerenga nyumba motsatira lamulo, ndipo m'nyumbamo simufunsa amene wakulandirani. Mumalemba akuluakulu a zaka 18 kupita m'tsogolo, n'kusankha mmodzi mwa mayere, mosinthana mwamuna ndi mkazi.

Papepala n'zosavuta. Kumudzi, mumayamba mwakaonekera kwa amfumu, ndipo amfumu mwa ulemu wawo amafuna kukuthandizani: “Ndikuitanireni anthu odziwa kulankhula.” Muyenera kukana mwaulemu, osawakhumudwitsa. Mayi amene wasankhidwa ali kudimba kapena wapita ku Chilwa kukagula nsomba, ndipo mwamuna wake ali pakhonde akuti ndifunseni ine. Wofunsa waulesi amalola. Akalola kangapo, sample yanu yasanduka ya abambo okhala pakhonde, ndipo palibe fomula yomwe idzakonze zimenezo ku ofesi.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi lakuti ophunzirawo atuluke. Ngakhale Loweruka limodzi, apite ku Chinamwali kapena ku Matawale ndi mafunso khumi, ayende mowerenga nyumba, akanidwe, apeze nyumba yotseka. Akabwerera, liwu loti non-response sadzaliiwalanso.

Nangondo:
Che Saidi, kodi anthu amayankha zoona mukawafunsa za chipani chomwe adzavotere? Kwathu anthu amaopa.

Che Saidi:
Achemwali, ena amaopa ndithu. N'chifukwa chake Afrobarometer imafunsa kumapeto kwenikweni kuti, mukuganiza kuti watituma ndani? Timakhala tanena poyamba kuti si ife aboma, komabe alipo ambiri amene amayankha kuti boma. Wophunzira wanzeru atha kutenga funso lomwelo n'kuyerekeza: kodi amene ankaganiza kuti tatumidwa ndi boma anayamikira kwambiri pulezidenti kuposa anzawo? Imeneyo ndi thesis yathunthu, ndipo data yake ndi yaulere. Palinso za amene ali pafupi pofunsa. Mayi akamayankha apongozi ali pamphasa yomweyo, mayankho amasintha. Wofunsa amalemba ngati panali wina womvetsera, koma ndi ochepa amene amakatsegula gawo limenelo.

Nachisale:
Ulendo wa Loweruka ndaulemba. Ndiyamba ndapempha chilolezo ku komiti yoona za makhalidwe abwino pa kafukufuku komanso kudziwitsa akhonsolo, ndipo mafunso ake adzakhala a madzi ndi zinyalala, osati a zipani. Ophunzira asakasokoneze anthu ndi funso la voti pongoyeserera.

Pa zomwe Che Saidi anena pali phunziro lina lomwe ndikufuna lisawaphonye. Anthu 8 a m'kadera kamodzi amafanana: amamwa pa mjigo umodzi, phungu wawo ndi mmodzi, mwina mpingo kapena mzikiti ndi umodzi. Ndiye anthu 1,200 osankhidwa m'magulumagulu sakupatsa chidziwitso chofanana ndi anthu 1,200 omwazikana dziko lonse. Mpata wolakwika ndi wokulirapo kuposa womwe fomula ya m'buku imatulutsa. Komanso wophunzira akatenga anthu a boma la Zomba okha m'kafukufuku wa dziko lonse, amatsala ndi anthu makumi ochepa. Ngakhale atakhala 100, mpata wolakwika ndi pafupifupi mapointi 10 mbali iliyonse. Ndimaona anthu akulemba kuti achinyamata a boma lakuti akufuna zakuti, pomwe afunsidwa ndi anthu osakwana minibasi ziwiri.

Kondwani:
Madamu, nanga pulogalamu ya pakompyuta mwasankha iti? Ine ndikuti R. Ndi yaulere, RStudio nayonso yaulere, ukaika pa laputopu imagwira ntchito popanda intaneti. Stata ndi SPSS zimafuna layisensi ya ndalama zakunja, ndipo wophunzira akamaliza sukulu amatsala manjamanja kapena kumagwiritsa ntchito yakuba. Chachiwiri, ndi R umalemba zomwe wachita mzere ndi mzere, ndiye woyang'anira thesis atha kubwereza ntchito yonse n'kuona pomwe nambala yachokera. Pa SPSS anthu amangodina, pakatha miyezi itatu sakumbukiranso kuti anachotsa ndani m'data.

Nangondo:
Achimwene, R ndinayesa. Kachizindikiro ka comma kamodzi kokha kakasowa, uthenga wofiira. Munthu woopa kale masamu, mukumuwonjezera mantha achiwiri.

Kondwani:
Masabata awiri oyamba amawawa, sindikana. Koma aphunzitsi akakonzeratu script yomwe ikugwira kale ntchito, wophunzira n'kumangosintha dzina la variable, mantha amatha msanga. Chofunika n'chakuti tsiku loyamba onse aike pulogalamu ndi mapackage ake kuchokera pa flash imodzi, kuti nkhani ya bandulo isakhale chopinga. Ndipo azikhala awiriawiri, poti si onse amene laputopu yawo imasunga moto magetsi akazima.

Bambo Mbewe:
Mabungwe ambiri olemba ntchito muno amafunsa Stata kapena SPSS. Zimenezo muziganizirenso. Koma munthu amene wamvetsa chomwe akuchita amasamuka pa pulogalamu ina kupita pa ina mosavuta. Ine ndingoti masabata oyamba agwiritse ntchito Excel, aone manambala ndi maso awo, mzere uliwonse ndi boma, asanabisike m'kati mwa makina.

Dr Phiri:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ntchito yanga ndi ya kucheza ndi anthu, mbiri ndi zolembedwa zakale, ndiye mwina mukuyembekezera kuti ndinyoze manambala. Ayi. Nkhawa yanga ili pa funso lomwe achemwali anga a Nachisale asankha kuyambira.

Mukapereka tebulo la 1994, chithunzi chimaoneka choyera kwambiri. Bakili Muluzi anapeza pafupifupi 47 peresenti, mphamvu zake zili kum'mwera. Kamuzu Banda pafupifupi 33, pakati. Chakufwa Chihana pafupifupi 19, kumpoto. Wophunzira adzajambula mapu a mitundu itatu n'kunena kuti nkhani yatha, Mmalawi amavotera wakwawo. Koma tebulo la maboma limakuuza za maboma, osati za munthu. Silikuuza ngati mayi wa ku Thondwe anavota chifukwa cha mtundu, kapena chifukwa chipani chimenecho ndicho chokha chinafika m'mudzi mwake, kapena chifukwa cha zomwe banja lake linaona nthawi ya chipani chimodzi. Zifukwa zitatu zosiyana, tebulo limodzimodzi.

Ndipo 2009 imasokoneza nkhani yonse. Bingu wa Mutharika anapeza pafupifupi 66 peresenti, ndipo anapambana kumpoto komwe si kwawo. Mitundu ya anthu sinasinthe pakati pa 2004 ndi 2009. Chinasintha n'chiyani? Ambiri amaloza makuponi a feteleza omwe anayamba nyengo ya 2005/06 ndi zokolola za zaka zimenezo. Ena amaloza mmene otsutsa analili. Wophunzira amene wangophunzira kujambula mzere pa graph adzathamangira yankho limodzi. Ndikuopa kuti tingatulutse anthu olankhula za mitundu ya anzawo molimba mtima kwambiri, atanyamula tebulo ngati umboni.

Nachisale:
Achimwene a Phiri, mwagunda pomwe ndimafuna, ndipo n'chifukwa chake ndaika 2009 pakati pa 1994 ndi 2019. Ndikufuna amange yankho lawo pa 1994, kenako 2009 iligwetse iwo akuona. Vuto mwatchulalo lili ndi mbiri yake. Mu 1950, W. S. Robinson anaonetsa ndi kalembera wa ku America wa 1930 kuti zigawo zokhala ndi anthu ambiri obadwira kunja zinali ndi anthu ambiri odziwa kuwerenga, chonsecho munthu payekha wobadwira kunja anali ndi mwayi wochepa wodziwa kuwerenga kuposa mbadwa. Obwerawo ankangokhazikika m'zigawo zomwe sukulu zinali kale patsogolo. Zomwe zili zoona pa gulu zitha kukhala zosiyana pa munthu. Wophunzira akamvetsa zimenezi pa sabata yachiwiri, adzafuna yekha data ya munthu mmodzimmodzi, ndipo apo ndi pomwe sample ya Che Saidi ikulowera.

Palinso vuto la chiwerengero. Maboma athu ndi 28. Ndaonapo regression ya maboma 28 yokhala ndi zinthu zofotokozera zisanu ndi zitatu: umphawi, maphunziro, mtundu, chipembedzo, misewu ndi zina. Zonsezo zimayendera limodzi ndi chigawo, ndiye makina sangathe kuzilekanitsa. Ndi bwino kutsikira ku madera a aphungu, omwe anali 193 mu 2019, ngakhale kuti kupeza ziwerengero za umphawi pa dera lililonse ndi ntchito ina.

Dr Phiri:
Ngati ndi choncho, muwapatsenso pepala la Daniel Posner la 2004 la mu American Political Science Review. Anapita m'midzi inayi ya m'malire a Malawi ndi Zambia, iwiri ya Achewa, iwiri ya Atumbuka. Chikhalidwe chimodzimodzi mbali zonse za malire, koma anapeza kuti ku Malawi magulu awiriwa ankaonana ngati opikisana pa ndale, pomwe ku Zambia ankadziona ngati amodzi, anthu akum'mawa. Iye anafotokoza kuti kuno gulu lililonse ndi lalikulu poyerekeza ndi dziko lonse, moti andale amaona phindu kulikokera kwawo, pomwe ku Zambia onse awiri ndi ochepa ndipo amawerengedwa pamodzi. Masamu ake ndi osavuta. Mphamvu yake ili pa kusankha malo oyerekeza. Ndipo ophunzira athu ali ndi mwayi womwe wophunzira wa ku London alibe: ena ndi a ku Mzimba, a ku Kasungu, a ku Mchinji. Atha kufunsa ngati midzi inayi ikukwana, ngati mbiri ya mishoni ndi ya ulamuliro wa Kamuzu sinatengepo mbali. Amutsutse ndi zomwe akudziwa.

Kondwani:
Limeneli ndi pepala lomwe linandikopa ine kuti ndikonde methods. Ndinaona kuti funso la kwathu lingafike pamwamba chonchija.

Nangondo:
Funso langa ndi la causality, poti liwu limeneli timalimva tsiku lililonse. Ngati regression sionetsa kuti chinthu china chayambitsa chinzake, nanga timaiphunziriranji? Ine thesis yanga ndikufuna kuona ngati kulandira zipangizo zaulimi zotsika mtengo kumapangitsa munthu kukonda chipani cholamula.

Bambo Mbewe:
Mwana wanga, funso lako ndi labwino ndipo vuto lake ndi ili. Ukapeza kuti olandira amakonda chipani cholamula, pali njira zitatu. Mwina kulandira kwawasintha mtima. Mwina ankachikonda kale ndipo n'chifukwa chake analembedwa. Mwina pali chachitatu, monga kukhala pafupi ndi amfumu kapena kukhala m'dera lomwe chipanicho chili ndi mphamvu, chomwe chikubweretsa zonse ziwiri. Regression imakuthandiza kuyerekeza anthu ofanana pa zinthu zomwe wayeza. Zomwe sunayeze, siingakuthandize. Ukapeza data yomwe inafunsa anthu omwewo asanalandire ndi atalandira, wayandikira. Popanda imeneyo, lemba moona kuti wapeza mgwirizano, fotokoza njira zitatuzo, ndipo unene yomwe umboni wako ukuikomera.

Nachisale:
Ndipo chitsanzo cha momwe anthu amathetsera vuto limeneli chili pakhomo pathu pomwe. Kuyambira 2008, kwa zaka ziwiri, m'boma lino la Zomba munachitika kafukufuku wopereka ndalama kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anasindikiza zotsatira zake mu 2011 mu Quarterly Journal of Economics. Anatenga timadera ta kalembera 176. Mwa mayere, kwina atsikana ankalandira ndalama pokhapokha akamapita kusukulu mokwanira, kwina ankalandira popanda lamulo lililonse, kwina sankalandira. Poti anasankha ndi mayere, osati amfumu kapena mphunzitsi wamkulu, magulu atatuwo anali ofanana poyamba, ndipo kusiyana kwa pamapeto kukanatheka kulozedwa ku ndalamazo.

Chomwe ndimakondera pepala limeneli ndi chakuti yankho lake si limodzi. Ndalama za lamulo zinathandiza kwambiri kuti atsikana asasiye sukulu. Koma pa kuchepetsa mimba ndi maukwati a ana, ndalama zopanda lamulo ndizo zinachita bwino, makamaka chifukwa mtsikana amene wasiya sukulu ankapitirizabe kulandira, pomwe mnzake wa gulu la lamulo ankadulidwa nthawi yomwe ali pa chiopsezo chachikulu. Ndiye ndidzawafunsa ophunzira anga, amene ena mwa iwo amalangiza makhonsolo: mukanakhala inu, mukanasankha iti? Manambala awapatsa zomwe zinachitika. Kusankha pakati pa sukulu ndi kupewa ukwati wa mwana ndi nkhani ya ndale, ndipo ndi ya iwo.

M'pepala lomwelo muli zonse zomwe Bambo Mbewe akufuna: chifukwa chake anachita mayere pa timadera osati pa mtsikana mmodzimmodzi, standard error (muyeso wa mpata wolakwika) yoganizira magulu, ndi vuto la atsikana amene anasamuka osapezekanso.

Che Saidi:
La kusamukalo ndi lalikulu. Mtsikana akakwatiwa amapita kwina, mwina ku Machinga, mwina ku Blantyre kukafuna ntchito. Ndipo amene wasowayo ndi yemwe nkhani yake ikufunika kwambiri. Timu yabwino imamutsata mpaka kumupeza.

Dr Phiri:
Ndiwonjezere kuti si funso lililonse la ndale lomwe ungachitire mayere. Sungagawe maboma kuti ena akhale ndi lamulo la 50 peresenti kuphatikiza voti imodzi, ena ayi. Khoti linatanthauzira lamulolo mu 2020, pa 23 June chisankho chinachitikanso, zipani zitapanga migwirizano, ndipo Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 peresenti. Chinachitika kamodzi, dziko lonse nthawi imodzi. Wofuna kudziwa mmene lamulolo linasinthira machitidwe a zipani ayenera kucheza ndi amene anali m'zipinda zokambirana. Ophunzira adziwe malire a chida chomwe mukuwapatsa.

Nachisale:
Ndavomera, ndipo ndikupemphani mudzabwere sabata imodzi mudzanene zimenezi nokha.

Kondwani:
Chinanso madamu, nkhani ya tinyenyezi ta pa tebulo, timene timasonyeza kuti nambala yotchedwa p yatsika mokwanira moti zotsatira zikutchedwa significant. Anzanga ambiri amakhulupirira kuti p ikapanda kutsika pansi pa 0.05, thesis yafa. Ndiye amasinthasintha mavariable usiku wonse mpaka kanyenyezi katuluke. Ukayesa zinthu 20 zopanda mgwirizano uliwonse, mwa mwayi chabe chimodzi chimatha kutuluka significant. Muwauze poyera kuti kusapeza kusiyana nakonso ndi zotsatira, ndipo sadzalephera chifukwa cha icho. Amaopa ma examiner.

Bambo Mbewe:
Apa ndiye tagwirizana, mnyamata wanga. Ndipo aleke kunena kuti p ya 0.03 ikutanthauza kuti pali mwayi wa 97 peresenti woti akunena zoona. Sizitanthauza zimenezo. Ikunena kuti, pakanakhala kuti kusiyana kulibe, zotsatira zonga zimenezi kapena zoposa apa zikanatuluka katatu pa maulendo 100. Ine ndikanakonda azilemba kukula kwa kusiyanako ndi malire ake, kuyambira apa kufika apa, m'malo mwa tinyenyezi. Njira yothandiza ndi yakuti asanatsegule data, alembe tsamba limodzi lonena chomwe akuyembekezera ndi momwe adzayezere, apereke kwa aphunzitsi, lisungidwe.

Nachisale:
Tsamba limenelo likhala asayimenti yoyamba. Mayeso ndaganiza motere. Gawo lina ndidzawapatsa tebulo la regression lochokera m'pepala lenileni la za Malawi, afotokoze m'mawu wamba chomwe likunena ndi chomwe silikunena. Gawo lina adzatenga data ya Afrobarometer, yomwe Malawi ali nayo kuyambira 1999, ayankhe funso lawo, apereke ndi script yake, osaiwala kugwiritsa ntchito weight, nambala yokonzera kuti sample iimire bwino dziko lonse. Lomaliza, mphindi zisanu pamaso pa kalasi, afotokoze zomwe apeza m'Chichewa, ngati akulankhula kwa makhansala kapena pa wailesi ya m'dera. Munthu amene wangoloweza amabisala m'Chingerezi cha m'buku. M'chilankhulo chake alibe pobisala.

Nangondo:
Nanga amene Chichewa si chilankhulo chawo choyamba, aphunzitsi? M'kalasi mwathu muli a ku Karonga ndi a ku Mangochi.

Nachisale:
Afotokoze m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chinkhonde, chilichonse chomwe angalankhule nacho kwa anthu akwawo, bola m'kalasi mupezeke womva wotiuza ngati zamveka.

Bambo Mbewe:
Zonsezi ndazilandira, koma pa chimodzi sindisuntha. Kamodzi kokha, aliyense awerengere pamanja mean, variance ndi mzere wa regression wa manambala asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi pensulo ndi pepala. Aone ndi dzanja lake kuti mzerewo ukuchokera pa kuchepetsa mipata ya pakati pa mzere ndi madontho. Akatero, kompyuta idzakhala wantchito wake.

Kondwani:
Bambo, simulation imaphunzitsa zomwezo mwachangu. Mumapanga dziko la anthu 100,000 pakompyuta lomwe mukudziwa kale yankho lake, n'kutenga sample ya 1,200 maulendo 1,000, ophunzira n'kuona mayankho akuunjikana mozungulira choonadi. Sampling distribution mwaiona ndi maso pa mphindi imodzi.

Bambo Mbewe:
Chitani zonse ziwiri. Pensulo iyambe.

Nachisale:
Pensulo ilowa sabata yachisanu, pa maboma asanu ndi limodzi a chigawo chakum'mwera, simulation sabata yachitatu pamodzi ndi chitsanzo cha 2019 chija. Bambo Mbewe, ndikudziwa kuti mukanakonda pensulo ibwere patsogolo, koma ndikufuna ayambe aona madontho pa graph asanawerengere mzere wake. Chomwe chikundisowa pano ndi zotsatira za 1994 ndi 2009 za boma ndi boma zomwe zili kale mu Excel. Zomwe ndili nazo ndi zojambulidwa pa pepala, ndipo manambala ena sakuoneka bwino.

Kondwani:
Za 2009 ndili nazo, ndinazilemba ndekha. Nditumiza madzulo ano, koma wina aziyerekezenso ndi pepala lanulo mzere ndi mzere musanapereke kwa ophunzira.

Nangondo:
Ine ndiyerekeza. Za 1994 nditha kuzilembanso ngati munditumizira zithunzizo. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo maboma anali 24, ndiye Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno sadzaoneka paokha.

Che Saidi:
Za Loweruka lija mundiuze kusanathe masabata awiri, kuti ndikaonane ndi amfumu a kumaloko tisanafike ndi gulu. Ophunzirawo abwere ndi nsapato zoyendera ndi madzi akumwa, tiyamba 7 koloko m'mawa.